Za ana a pa maloboti zija, msuweni

Eee, msuweni, funso lako pagulu lathu la pa foni ndaliona. Ndinali m'minibasi, phokoso, ndiye ndinati ndifike kaye kunyumba. Ukuti ana aja opempha pa maloboti a Cairo Road mu Lusaka muno, kodi Mkhristu aziwapatsa ndalama, poti ena amakagula zonunkhiza zoledzeretsa zija? Mmm. Agulire chitumbuwa kapena bani, uwafunse mayina awo, osangoponya kandalama uku nkhope utayang'ana kumbali. Basi.

Koma iwe, ndinakudziwa kale, tikutunga madzi pachitsime ku Katete. Iwe ukafunsa za mvula ndiye kuti denga lako likudontha. Usaseke, ndikukumva uliko.

Dikira, ndikuuze za amalume a ku Matero. Chaka chija cha chilala, 2023... ayi, 2024, paja boma linalengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Chimanga chinauma chisanabereke, magetsi akungothima poti madzi ku Kariba atsika, ufa wakwera moti anthu ambiri mu komboni ankangogula pamela, timapaketi tija tophika kamodzi. Ndiye khomo loyandikana ndi amalume munali mayi wina. Amuna awo anapita ndi kolera ija, nthawi yomwe odwala ankagonekedwa ku Heroes Stadium. Mayi aja, ee, sakanapempha ngakhale mchere. Madzulo ankaika poto wa madzi okhaokha pambaula kuti anthu aziti akuphika. Amalume anaona kuti ana akugona msanga, ndipo mapoto akutsukidwa opanda makoko.

Ukuwadziwa amalume, makala okha okha bizinesi yawo, manja akuda bii. Tsiku lina ananyamula ufa m'ndowa, kapenta pang'ono, tomato, ndi kathumba ka makala, n'kugogoda. Akuti, “Mayi, ndithandizeni, mbaula yanga yathyoka, mundiphikireko.” Wogulitsa makala alibe mbaula! Nsima itapsa anadya mtanda umodzi, n'kusamba m'manja, akuti akhuta, achedwa kumsika. Ufa wotsala? Akuti, “Ukhale komweko, mudzandiphikirenso.” Mbaula ija inakhala yothyoka mpaka dzinja linalo. Ndipo akafika sankangoima pakhomo ayi, ankakhala pa kampando kaja, kufunsa anawo za kusukulu, kumvetsera mayi aja akamakamba za malemu. Ife tinadzamva kwa mayiwo pamaliro a agogo, akulira. Amalume mpaka lero ukawafunsa amangoti mbaula inali yothyokadi.

Eya, ndimati chiyani paja? Ee. Alamu a ku Kanyama, akazi a malemu achimwene. Ndi zimenezo zakusowetsa tulo, si ana a pa maloboti ayi. Kuchokera pa mkangano uja wa firiji ndi mabulangeti, palibe wa ife anapondako. Ndikudziwa umawatumizira kangachepe pa Airtel Money mwezi ukatha, Mulungu akudalitse, sindikunyoza. Koma pita ukawaone. Foni siona ngati mwana ali ndi nsapato, foni siona ngati madzi analowa m'nyumba, ndipo Kanyama mvula ikagwa ukuidziwa. Yakobo 1:27 akuti kuchezera ana amasiye ndi akazi amasiye m'masautso awo. Kuchezera, msuweni. Ndipo pa Mateyu 25 Ambuye akuti ndinadwala, munadzandiona.

Ndikudziwa uli ndi mantha kuti akulandira ndi nkhope yolimba. Mwina atero, ali ndi chifukwa, zinanenedwa tsiku lija zinali zowawa. Ukhale pansi ndithu. Usayambe ndi kufotokoza kuti analakwa ndani. Usatulutsenso katundu pabwalo anthu akuona, ndipo chonde, iwe ndi kamera yakoyo, zithunzi pagulu pano ayi. Ukafunse kuti chasowa n'chiyani, iwo anene okha, mwina si ufa n'komwe, mwina ndi yunifomu ya wamng'ono uja, mwina akungofuna wina wotchula dzina la achimwene osachita mantha.

Ndiye ndikubwerezanso, poti iwe umamva ndi khutu limodzi: ndalama pitiriza kutumiza, koma miyendo yako ikafike pakhomo paja. Loweruka ndikaweruka ku Chigwirizano ndidzakudikira pa City Market, tidzakwere limodzi. Iwe udzagule mafuta ophikira, ine ndidzatenga ufa ndi nyemba zija anabweretsa amayi. Enanu mukumvetsera mwakachetechete, ndakuonani, amene akufuna kubwera anene lero.