Kodi ndalama za boma zimamufika bwanji katswiri wamasewera?

FUNSO: Mwana wanga wamkazi amathamanga mitunda italiitali ndipo wapambana kangapo m'boma lathu lino. Ndimamva kuti ku Britain boma limalipira akatswiri ake. Kodi n'zoona? Nanga kuno tingagogode khomo liti? Kholo, Mulanje.

YANKHO: N'zoona, koma salipira aliyense. Pa Olimpiki ya ku Atlanta mu 1996, Britain inapata mendulo yagolide imodzi yokha n'kukhala pa nambala 36. Manyazi amenewo ndiwo anachititsa kuti kuyambira 1997 ndalama za lotale ya dziko zizipita kwa akatswiri. Lero bungwe la UK Sport ndilo limagawa ndalamazo pamodzi ndi zochokera kuthumba la boma. Pofika 2016 ku Rio, dzikolo linali pa nambala 2 ndi mamendulo 67.

Ndalamazo amazigawa pawiri. Zochuluka zimapita kubungwe loyendetsa masewerawo kuti lilipire makochi, madokotala, zida ndi maulendo. Zotsalazo zimalowa mu akaunti ya wosewera kuti adye, alipire lendi, asamataye nthawi yokonzekera mipikisano pa ganyu. Koma muyeso wawo ulibe chisoni. Amasankha makamaka amene akuoneka kuti abweretsa mendulo m'zaka zinayi kapena zisanu ndi zitatu. A badminton anawadula thandizo atangobwera kumene ndi mendulo ya bronze ku Rio komweko.

Kuno kwathu njira ndi ina. Ndalama zimachoka ku Treasury, nthambi yosunga chuma cha boma, kudutsa ku unduna woona zamasewera, kufika ku Malawi National Council of Sports, kenako kumabungwe a masewera osiyanasiyana. Kawirikawiri zimakhala za kampu, ulendo ndi alawansi. Mukalembera unduna mwachindunji, adzangokulozerani kubungwe.

Choncho yambani mwalembetsa mwanayo kukalabu yodziwika ndi bungwe la othamanga m'dziko muno. Mupezereni chiphaso chobadwira ndi pasipoti msanga, chifukwa dzina likatuluka pamndandanda nthawi imakhala itatha kale. Chachikulu ndi nthawi imene amathamanga. Ya pa wotchi ya aphunzitsi pabwalo lasukulu sawerengera. Amafuna yolembedwa pampikisano wovomerezeka. Kuti muone kutalika kwa phiri, mkazi wofuna kulowa mpikisano wa mamita 5,000 pa Olimpiki ya ku Paris mu 2024 kudzera pa nthawi ankayenera kutha m'mphindi 14 ndi masekondi 52.

Khomo lina ndi Olympic Solidarity, thumba la International Olympic Committee (bungwe loyendetsa Olimpiki padziko lonse) lomwe limathandiza wosewera ndi ndalama zokonzekerera mipikisano ndi za maulendo. Izi si za boma, ndipo munthu sapempha yekha. Dzina limaperekedwa ndi Malawi Olympic Committee itamva kubungwe la masewerawo.

Zimasokonekera pati? Bajeti imalembedwa m'makwacha pomwe tikiti yandege ndi malo ogona kunja zimatsata dola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zomwe zikanatumiza gulu lonse zinangokwanira ochepa. Vuto lina ndi bungwe losapereka malisiti a ndalama zam'mbuyo: zatsopano zimaimitsidwa, wovutika n'kukhala wosewera. Musachite manyazi kufunsa akuluakulu a kalabu ngati bungwe lawo linapereka lipoti la chuma la chaka chatha.