Plugin imodzi pa WordPress, Joomla ndi Drupal: pali phindu?

Funso: Ndine mnyamata wa ku Zomba, ndimapangira anthu mawebusayiti. Ndinalemba plugin (kapulogalamu kowonjezera pa webusayiti) ya WordPress yothandiza eni mashopu kulandira ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo makasitomala asanu ndi mmodzi akuigwiritsa ntchito. Mnzanga akuti ndiilembenso pa framework (maziko a code olembedwa kale ndi ena) yoti code imodzi iziyenda pa nsanja zopangira mawebusayiti za WordPress, Joomla ndi Drupal pomwe, ati msika ukula katatu. Zingandidyere miyezi itatu. Nditero?

Yankho: Achimwene, mnzanuyo wawerenga mayina atatu, koma anthu sanawawerenge. Mwa mawebusayiti 100 aliwonse padziko lapansi, opitirira 40 ali pa WordPress. Joomla ndi Drupal, olo muziphatikize, sizikwana 5. Komanso amene amakonda Drupal ndi maboma, mayunivesite ndi mabungwe akuluakulu, osati mayi wogulitsa zitenje ku Limbe. Ndiye katatu kaja kachokera kuti?

Zimene akunenazo n'zotheka ndithu, chifukwa nsanja zitatu zonsezi zinalembedwa m'chiyankhulo chimodzi cha kompyuta, PHP. Framework ya Gantry imapanga ma theme (maonekedwe a webusayiti) oyenda pa Joomla, WordPress ndi nsanja ina ya Grav, ndipo Akeeba Backup, yosunga makope a webusayiti, inayambira pa Joomla n'kudzafikanso pa WordPress. Koma kulemba ndi gawo lotchipa. Chodula n'kulera. Nsanja iliyonse imene mwawonjezera ndi mwana winanso wofuna phala m'mawa uliwonse. Drupal 8 itatuluka mu 2015 inasamukira pa zipangizo za framework ya Symfony, ma module (ma plugin) a Drupal 7 anayenera kulembedwa mwatsopano. Joomla 4 itabwera mu 2021, ma extension (ma plugin ake) ambiri akale anangoima. Tsono framework imene mwadalira ikachedwa kutsatira kusintha koteroko, kapena eniake akaitaya, mumatsala m'manja lende pa nsanja zitatu nthawi imodzi. Ndipo yanuyi ndi plugin ya ndalama. Wogula akalipira pa Mpamba Loweruka madzulo, oda osaoneka, foni imene ilire ndi yanu. Mapanga awiri avumbwitsa, nanga atatu?

Ine ndikanachita chonchi. Tengani milungu iwiri, osati miyezi itatu, mupatule mtima wa plugin yanu: gawo lotumiza pempho la malipiro, lotsimikiza kuti ndalama zalowa, ndi losunga mbiri yake. Limenelo likhale library (phukusi la code) ya PHP payokha, yoikidwa ndi Composer (chida choikira ma library a PHP), yosatchula WordPress paliponse. Za WooCommerce, plugin yoyendetsera shopu pa WordPress, zikhale kachikopa kopyapyala pamwamba. Tsiku limene sukulu ina ya pa Joomla idzagogode, mudzangosoka kachikopa kena, ndipo mtengo wosokerawo mudzaulemba pa kotesheni yawo, theka alipiriretu. Asanabwere wolipira, musasoke.

Pali china chimene simunafunse koma chikukhudza thumba lanu kwambiri. Nsanja zitatuzi zili pansi pa laisensi ya GPL, ndipo plugin yoikidwa m'nkhokwe ya WordPress.org iyenera kugwirizana nayo. Kutanthauza kuti wogula ali ndi ufulu wopatsa mnzake code yanu, inu osam'letsa. N'chifukwa chake ogulitsa ma plugin ambiri salipiritsa kamodzi n'kuthera pomwepo. Amalipiritsa pa chaka, ndipo chimene munthu akugula ndi ma update ndi thandizo zinthu zikavuta. Ngati asanu ndi mmodzi anu aja analipira kamodzi kokha koma amakuimbirani mpaka lero, mukuwagwirira ganyu yaulere.

Mwezi uno lembani m'kope mtengo wa maola amene mwathera pa kasitomala aliyense, kuphatikizapo bandulo ndi thiransipoti. Muchulukitse ndi 12, muikepo phindu lanu, ndipo chimene chituluke ndicho mtengo wa pa chaka woti muwauze. Miyezi iwiri ndi theka imene mwapulumutsayo, yendani m'mashopu amene ali kale pa WooCommerce koma akulandirabe ndalama potumizirana ma screenshot pa WhatsApp.