Ulendo wa ku Fish River Canyon kuchokera ku Cape Town

Achimwene, mwafunsa ngati ka Polo kanu kangakwanitse ulendo wochokera ku Cape Town mpaka ku Fish River Canyon, chigwa chakuya cha mtsinje wa Fish ku Namibia, pa tchuthi cha Disembala. Kagalimotoko kakafika bwinobwino, koma mweziwo ndi umene ukundikayikitsa. Nthawi imeneyo kumatentha kupitirira madigiri 40. Ku Nsanje bola kuli mitengo yousapo, kumeneko ndi miyala yokhayokha. Abwana akalola, pitani mu Ogasiti kapena Seputembala. Mvula ikagwa bwino chaka chimenecho, chipululu cha Namaqualand chimadzaza maluwa mpaka m'mphepete mwa msewu.

Msewu wake ndi N7, tara mpaka kumalire. Mukadutsa Piketberg mumakwera Piekenierskloof Pass, ndipo potsetsereka minda ya malalanje ya ku Citrusdal imaonekera m'munsi, mapiri a Cederberg ali kudzanja lamanja. Ku Clanwilliam ndi kwawo kwa tiyi wa rooibos. Kupitirira Vanrhynsdorp dziko limayamba kuuma, midzi kutalikirana. Gonani ku Springbok, musadzipanikize. Kuchoka pamenepo kukafika pachipata cha Vioolsdrif ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo chakumapeto msewu umatsika pakati pa mapiri opanda ndi mtengo womwe, kenako mwadzidzidzi mtsinje wa Orange ndi minda yobiriwira.

Zapachipata musazitenge mwachibwana. Tengani mapepala a galimoto, ndipo ngati idakali pa ngongole, kalata ya kubanki yokulolani kutuluka nayo. Mbali ya Namibia, pa Noordoewer, mulipira msonkho wa msewu. Ma randi amalandira, popeza dola ya Namibia ndi yofanana mphamvu ndi randi. Koma ngati pemiti yanu yokhalira ku South Africa inatha, ulendowu iwalani kaye. Potuluka amakudindirani chiletso, kubwerera ku Cape Town n'kukhala nkhani ina.

Thirani mafuta ku Noordoewer, tanki idzaze. Mukasiya B1, msewu waukulu wa ku Namibia wochokera pachipatapo, tara amathera pomwepo, kwatsala msewu wa miyala wokhala ndi malata ogwedeza mano. Apa ndi pamene anthu amagubuduzika chifukwa cha changu. Musapitirire 60, onetsetsani kuti tayala lapadera lili ndi mpweya, ndipo madzi akumwa munyamule ochuluka chifukwa netiweki imasowa mtunda wautali.

Polowera ku chigwachi ndi pa Hobas, ndipo malo oonerapo ali makilomita 10 kuchokera pageti. Fikani m'mawa dzuwa likadali kumbuyo kwanu. Simuona kanthu mpaka mutafika m'mphepete penipeni, basi nthaka yatha, chiphompho cha mamita pafupifupi 550 chili pamapazi panu, mtsinje ukukhotakhota pansi. Chigwachi n'chotalika makilomita 160. Kutsikiramo tsiku limodzi n'koletsedwa. Amalola okhawo oyenda pansi masiku angapo, kuyambira Meyi mpaka pakati pa Seputembala, atasonyeza kalata ya dokotala.

Pobwerera dzerani ku Ai-Ais mukasambe pa akasupe otentha, koma imbani foni kaye mumve ngati atsegula.