Boti lathu linafika loyamba, nanga bwanji anatiika pa nambala 5?

Ndalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Nkhotakota amene akugwira ntchito ku Cape Town. Ndaifupikitsa motere: "Abwana anga ali ndi boti loyendera mathanga, ndipo Lachitatu lililonse tikaweruka amanditenga kunyanja kukachita nawo mpikisano wa makalabu. Ntchito yanga ndi kukhala m'mphepete mwa boti miyendo ili lendelende kunja, akakuwa ndithamangire mbali inayo. Ulendo wathawu tinafika oyamba, koma polengeza zotsatira anati tili pa nambala 5. Kodi pali chinyengo? Nanga ineyo ndikuthandizapo chiyani, kapena angondisandutsa thumba la simenti?"

Achimwene, mtima m'malo, sanakubereni. Za simentizo ndikuyankhani pansipa, ndipo yankho lake mwina silikusangalatsani kwenikweni.

Maboti amene amabwera ku mpikisano wa madzulo a mkati mwa sabata ndi osafanana ngakhale pang'ono. Lina ndi lalitali mamita 13, lopepuka, mathanga atsopano. Lina ndi la mamita 8, lakalekale, m'kati muli mbaula, mapoto ndi matiresi a banja lonse. Boti lalitali mwachibadwa limathamanga kuposa lalifupi, choncho akanati wopambana akhale wofika poyamba, bwenzi chikho chikungopita kwa wa thumba lonona sabata ndi sabata, enawo n'kusiya kubwera. N'chifukwa chake boti lililonse limapatsidwa nambala yake, handicap, molingana ndi kutalika kwake, kulemera kwake ndi kukula kwa mathanga ake. Njira zowerengera zilipo zingapo: IRC, ORC, ku America amakonda PHRF, ndipo makalabu ena amakonza yawoyawo.

Tiyerekeze ndi IRC, pomwe nthawi imene boti latenga amaichulukitsa ndi nambala yake. Tinene kuti lanu ndi la 1.100 ndipo mwamaliza m'mphindi 60. Pa pepala alemba mphindi 66. Kaboti kena ka 0.900 kafika patatha mphindi 10 inu mutamanga kale zingwe padoko, ndiye kuti katenga mphindi 70, koma pa pepala ndi mphindi 63. Kakuposani ndi mphindi zitatu zathunthu. Maboti anayi anakuchitani zimenezi tsiku limenelo. Ulendo wina mukapemphe pepala la zotsatira, muona mizere iwiri ya nthawi: imene munatengadi, ndi yowerengedwayo. Yachiwiriyo ndi imene imapereka malo. Abwana anu akuzidziwa bwino izi, ndipo ngati anakhala duu pagalimoto pobwerera, chifukwa chake n'chimenecho.

Kodi nambalazi n'zachilungamo? Ine ndimati ndi zachilungamo mokwanira kuti anthu azibwerabe. Mphepo ikakhala yaukali zimakomera maboti olemera, ikafooka zimakomera opepuka, ndipo simudzapeza mwini boti amene amavomera kuti nambala yake ili bwino. Aliyense amati anamupondereza. Komanso kumbukirani kuti chikho sichipita ndi tsiku limodzi. Woyamba amalandira pointi imodzi, wachiwiri ziwiri, choncho mpaka mmunsi, ndipo pakutha pa nyengo wopambana ndi amene ali ndi mapointi ochepa. Kawirikawiri amalola kutaya zotsatira zoipitsitsa. Nambala 5 yanuyo mwina sidzawerengedwa n'komwe.

Tsopano mphindi zimene munatayazo zinapita kuti? Nthawi zambiri zimatayika mpikisano usanayambe. Boti lilibe mabuleki, silingaime pamzere kudikira likhweru ngati othamanga a pabwalo. Mzere woyambira ndi wongoganizira, pakati pa boti la oyang'anira kapena mlongoti wa pamtunda ndi chizindikiro choyandama. Malamulo a World Sailing, bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, amene amakonzedwanso zaka zinayi zilizonse ndipo apanowa ndi a 2025 mpaka 2028, amati kulire hutala ndi kukweza mbendera kutatsala mphindi 5, kenako 4, kenako imodzi, kenako kuyamba. M'mphindi zimenezo maboti onse amazungulirazungulira pamalo ochepa, aliyense akufuna kudutsa mzere ali pa liwiro, pa sekondi yeniyeniyo. Ukafulumira, uyenera kubwerera n'kukayambanso. Ukachedwa, umagwera kumbuyo kwa anzako, ndipo mathanga awo amakuphwanyira mphepo, iwe n'kumalandira yotsalira. Lachitatu likubwerali yang'anitsitsani nthawi imeneyi. Muona wina ali kutsogolo kwa boti akuwerenga masekondi mokweza, dzanja lili m'mwamba kusonyeza kuti mzere watsala pati, woyendetsa mano ali gwa, boti lina likudutsa pafupi moti mutha kuwerenga zolembedwa pa chipewa cha munthu wa mmenemo. Kwa ine pamenepa ndi pokoma kuposa pomaliza.

Kukuwa kumene mumamvako sikuti anthu akuyambana. Mukamva "Starboard!", kutanthauza mbali ya kumanja ya boti, ndiye kuti boti lina likukumbutsa linzake lamulo lalikulu la onse: boti limene mphepo ikulifikira kuchokera kumanzere lipatukire limene mphepo ikulifikira kuchokera kumanja. Onse akakhala kuti mphepo ikuwafikira mbali imodzi, amene ali kumene mphepo ikuchokera ndiye apatuke. Pokhota pa chizindikiro pali malamulo ena opatsana malo, oyambira pa mtunda wa maboti atatu kutalika kwake. Woyimbira mpikisano pamadzi nthawi zambiri kulibe. Wolakwa amadzilanga yekha pozungulitsa boti kawiri, kapena kamodzi ngati wangokhudza chizindikiro. Akakana, mnzakeyo amakuwa "Protest!" n'kukweza kambendera kofiira, ndipo mlandu umakakambidwa kumtunda. Pa mipikisano ya madzulo ambiri safuna kufika pamenepo, poti aliyense akuganiza za chakudya ndi chakumwa chimene chikudikira ku kalabu.

Tibwere kwa inu ndi simenti yanu. Inde, pakadali pano akugwiritsa ntchito kulemera kwa thupi lanu. Koma boti la mathanga silingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Limatha kupita chopingasa, pafupifupi madigiri 45, ndiye kuti lifike kumeneko limayenda mokhotakhota, uku ndi uku. Likamatero mphepo imalipendeketsa, ndipo boti lopendekeka kwambiri limatsetserekera cham'mbali, chiwongolero chimalemera, liwiro limatsika. Anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi okhala mbali ya kumtundayo amaliwongola. Pokhota, aliyense ayenera kuwolokera mbali inayo pa nthawi yake, atawerama kuti mtanda wa pansi pa thanga, boom, usamuwombe m'mutu. Mukachedwa masekondi angapo pa kukhota kulikonse, ndipo mwakhota kambirimbiri, mphindi zija zopita kwa kaboti ka 0.900 zapezeka. Pafupifupi aliyense amene lero akuyendetsa boti anayambira pomwe mwakhalapo.

Ndipo pamalo amenewo ndi pamene pamaoneka zonse. Inu a kunyanja mumadziwa kale kuti madzi akachita bii patsogolo ndiye kuti mphepo yamphamvu ikubwera. Anthu ambiri a m'tauni amatenga nthawi kuti aphunzire zimenezo. Muzinena mokweza. Woyendetsa aliyense amakonda munthu womuuza za mphepo isanafike, ndipo posakhalitsa adzakupatsani chingwe. Akakupatsani, samalani zala pa winch, chigubu chachitsulo chokokera zingwe chija: chingwe chimakulungidwa motsatira mmene wotchi imayendera, ndipo musachikulunge kudzanja.

Kuti bwanji Lachitatu madzulo? Loweruka ndi Lamlungu anthu ali ndi mabanja, maukwati ndi mapemphero, pomwe mpikisano wa ola limodzi kapena awiri ukaweruka susokoneza zambiri. Ku Cape Town, kalabu ya Royal Cape Yacht Club, yomwe inayamba mu 1905 ndipo ndi imene imakonza mpikisano wa Cape to Rio, wochoka ku Cape Town kukafika ku Rio de Janeiro ku Brazil, womwe unayamba mu 1971, imachititsa mipikisano ya Lachitatu nyengo yotentha. Ku Annapolis ku America nawonso ndi Lachitatu, ku Sydney ndi ku Auckland kulinso yotere. Konseko chinsinsi ndi dzuwa. Mu Disembala ndi Januwale ku Cape Town limalowa cha m'ma 8 koloko usiku. Kwathu limalowa cha m'ma 5 kapena 6 koloko chaka chonse, moti munthu akaweruka 5 koloko n'kufika padoko, mdima wagwa kale. Mpikisano wathu wodziwika pa nyanja ya Malawi, Lake Malawi Sailing Marathon, ndi wa mtundu wina: wa masiku angapo, makilomita mazanamazana, nyengo ya mwera.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni, chifukwa anthu a kwathu amene amadziwa kusambira ndi amene amachiderera. Madzi a ku Nkhotakota ndi ofunda, amaposa madigiri 20 chaka chonse. A ku Table Bay, nyanja ya pa Cape Town pomwepo, amazizira chifukwa cha madzi ozizira oyenda m'nyanjamo otchedwa Benguela, ndipo nthawi zambiri safika madigiri 15 ngakhale kunja kukutentha. Munthu akagweramo mpweya umabanika nthawi yomweyo, ndipo pakapita mphindi zochepa manja amakanika kugwira chingwe. Mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor imatha kupitirira ma knot 30, omwe ndi makilomita pafupifupi 55 pa ola. Choncho valani life jacket, chovala choyandamitsa munthu, ngakhale ena asavale, mumange malamba ake onse, nsapato zikhale za mphira wosaterera, ndipo tengani jekete yosalowa madzi ndi zovala zosinthira. Musanachoke padoko afunseni abwanawo chimene aliyense ayenera kuchita munthu akagwera m'madzi, ndipo ngati pa botilo sanayesererepo, apempheni kuti tsiku lina muponye chidebe n'kuyesa kubwerera kukachitola.