Ku loji ku Siavonga kapena kwanu ku Katete?

Amayi, mwafunsa ngati kuli bwino kupita ndi ana anu atatu ku loji ku Siavonga pa tchuthi cha Disembala kapena kwanu ku Katete, popeza bambo a kunyumba akuti konse ndi chimodzimodzi, kuli mitengo, mpweya wabwino ndi bata. Ine kwathu ndi kufupi ndi Petauke, ndakhala muno mu Lusaka zaka zoposa 20, ndipo konse kuwiri ndapitako ndi banja langa.

Pa za mitengo ndi bata bambowo sakunama, koma kufanana kwake kumathera pomwepo. Ku loji munthu amalipira kuti aone maonekedwe a kumudzi popanda thukuta la kumudzi. Denga limakhala la udzu, koma neti amakumangirani, madzi amatuluka pampopi, ndipo magetsi akazima jenereta imalira nthawi yomweyo. Ulendo wake ndi wa makilomita pafupifupi 200, moti mukanyamuka m'mawa nkhomaliro mukadyera m'mbali mwa nyanja ya Kariba. Mungodziwa kuti Siavonga ali m'chigwa, pamene Lusaka ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, choncho kumeneko kumatentha kwambiri kuposa kuno, ndiponso ana musawalole kusamba m'nyanja chifukwa muli ng'ona ndi mvuu. Ine nditakhala pakhonde la loji ndikuyang'ana madziwo, ndinakumbukira kuti pansi pake pali midzi ya Atonga, anthu pafupifupi 57,000 amene anasamutsidwa mbali zonse ziwiri za mtsinje wa Zambezi pomanga damu la Kariba, lomwe linatha kumangidwa mu 1959. Ndinapuma bwino, koma palibe amene ankadziwa dzina la agogo anga, ndipo ana anga anabwerako ndi zithunzi zokha.

Ku Katete simukapuma, ndipo ndi bwino ndikuuzeni zimenezi poyera. Ulendo wokha ndi wa makilomita pafupifupi 500 pa msewu wa Great East Road, kunyamuka pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kusanache, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kudutsa Nyimba, Petauke ndi Sinda, ndipo ana amafika atatopa. Mukafika, inu simulinso mlendo wodikira kutumikiridwa koma mwana wa pakhomo. Mudzapita kukaonekera kwa amfumu, mudzayenda nyumba ndi nyumba kupepesa maliro onse amene anachitika inu muli kuno, mudzatunga madzi kumjigo, ndipo nsima mudzaphika pamafuwa utsi uli m'maso. Kuwonjezera apo, Disembala ndi mwezi wa khasu. Anthu amalawirira kumunda kukabzala ndi kupalira, mudzi umakhala zii mpaka dzuwa lifike pamutu, ndipo munthu wamanyazi sangagone pamphasa amayi ake okalamba ali chiweramire m'mizere.

Pali nkhani ina imene ife a m'tauni timaiwala kawirikawiri. Pofika Disembala nkhokwe zambiri zimakhala zitatsika, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndiyo miyezi imene njala imaluma chimanga chatsopano chisanache. Tonse tikukumbukira chilala cha 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lili pa tsoka, ndipo mabanja ambiri anagulitsa mbuzi ndi ng'ombe kuti apeze chakudya. Anthu asanu ofika ndi masutukesi okha amakhala katundu wolemera, ngakhale abale anu sadzanena, ndipo nkhuku adzakupherani ndithu chifukwa ulemu ukufuna choncho. Tengani matumba a ufa, mafuta ophikira, shuga, mchere ndi sopo, ndipo ngati m'thumba mukulola, thumba la feteleza lidzawasangalatsa kuposa zovala za Khirisimasi.

Za malungo musazitenge mopepuka. Nthawi ya dzinja udzudzu umachuluka kum'mawa kuposa muno mu Lusaka, ndipo matupi a ana okulira m'tauni sanazolowere kulimbana ndi matendawa ngati anzawo a kumudzi. Mwana wanga wachiwiri anayamba kutentha thupi patatha sabata imodzi ndi theka titabwerako kumudzi, ife n'kumaganiza kuti ndi chimfine, ndipo tinachedwa masiku awiri amene ndimadandaula nawo mpaka lero. Nyamulani maneti anuanu, ndipo mwana akatentha thupi, kaya muli komweko kaya mwabwera kale, kamuyezetseni magazi tsiku lomwelo n'kuwauza achipatala kumene munali. Chipatala cha St Francis chili komweko ku Katete, ndipo ndi bwino kudziwiratu mayendedwe ake kuchokera kumudzi kwanu.

Ngakhale ndatchula zovuta zonsezi, ine ndikuti pitani ku Katete, makamaka ngati agogo a anawo akadali moyo. Nyanja ya Kariba idzakhalapo chaka chamawa ndi chinacho, pamene okalamba athu sitidziwa kuti tikhala nawo mpaka liti. Mwana wanga wamkulu ankangodziwa Chinyanja cha m'misewu ya Lusaka, koma atakhala sabata imodzi akutola mango ndi asuweni ake, kugwira inswa madzulo mvula itagwa, kudya nkhwani wotendera ndi bowa, anabwera akudziwa kugwada popereka moni, akudziwanso mfunda wake ndi kumene kuli manda a makolo ake. Paja akuluakulu anati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka.

Ngati inuyo mwatopa kwenikweni ndi ntchito ndipo thupi likufuna tulo, musadziimbe mlandu mukasankha loji masiku awiri kapena atatu, koma muwauze bambo kuti ngongole ya kumudzi ikadalipo. Mukatero, ulendo wa ku Katete muusungire tchuthi cha Ogasiti, pamene anthu akolola, misewu ya kumidzi yauma, udzudzu wachepa, ndipo agogo ali ndi nthawi yokhala pamoto ndi adzukulu kukamba nthano. Mwezi womwewo, Loweruka lomaliza, kumachitika mwambo wa Kulamba ku Mkaika, komwe Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo ana anu akaona Gule Wamkulu ndi maso awo pabwalo lenileni. Mabasi amadzaza msanga sabata imeneyo, choncho matikiti mugule kudakali masiku.