Mabakiteriya ndi golide: zoona zake ndi izi

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti mabakiteriya amatulutsa golide m'miyala, komanso ngati angathandize anzathu osefa golide m'mitsinje. Zoti amatulutsa n'zoona. Zoti angathandize osefa, ayi ndithu.

Tizilomboti sitidya golide kapena mkuwa. Timakhalira chitsulo ndi sulufule za m'mwalamo. Kotchuka kwambiri ndi Acidithiobacillus ferrooxidans, komwe akatswiri anakapeza mu 1947 m'madzi a asidi otuluka m'migodi ya malasha ku America. Tizilomboti tikamagwira ntchito, sulufule amasanduka asidi, mwala n'kuyamba kufumbutuka, zimene zinatsekeredwa mkati n'kumasuka.

Chitsanzo chabwino chili pa mgodi wa Fairview pafupi ndi Barberton ku South Africa, komwe anayamba njirayi mu 1986. Golide wa kumeneko ndi wobisala mkati mwa miyala ya chitsulo ndi sulufule yotchedwa pyrite ndi arsenopyrite, moti mankhwala a cyanide, omwe amasungunula golide, samufika. Ndiye amapera mwalawo kukhala ufa, n'kuuthira m'matanki akuluakulu a madzi momwe muli tizilomboti. Amavundula usana ndi usiku kwinaku akupopera mpweya, kutentha kuli pakati pa madigiri 40 ndi 45. Chodabwitsa n'chakuti matankiwo amachita kuwaziziritsa, chifukwa mwala ukamasweka umatulutsa kutentha kokwanira kupha tizilomboto. Pakatha masiku ochepa golide amakhala poyera, komabe cyanide amafunikabe kuti amusungunule.

Pa mkuwa zimayenda pang'onopang'ono. Ku Escondida m'dziko la Chile amaunjika miyala milumilu pamwamba pa pulasitiki yokhuthala, n'kumadonthezera madzi a asidi kwa miyezi yambirimbiri, tizilomboti tikugwira ntchito m'miluyo. Madzi otuluka pansi amakhala atatenga mkuwa, ndipo amauchotsamo ndi mankhwala kenako magetsi. Phindu lake n'lakuti miyala ya mkuwa wochepa, yosayenera kuiwonongera ndalama ku ng'anjo, imapindulitsabe.

Tsono golide wa mumtsinje anamasuka kalekale. Madzi ndi nyengo zinagwira kale ntchito imene mabakiteriya akanagwira. Mumchengamo mulibe choti tizilomboti tiswe. Wina akakuuzani kuti akugulitsa botolo la mabakiteriya okoka golide, gwirani thumba lanu.

Musaiwalenso kuti madzi a asidiwa ndi oopsa. Ku Talvivaara m'dziko la Finland, komwe ankatulutsa chitsulo cha nickel mwa njirayi, dziwe la zotsalira linabooka mu 2012, madzi a zitsulo n'kulowa m'nyanja zoyandikana nazo.