Andibera dzina la tsabola wanga, ndikadandaule kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Zomba amene amapanga tsabola wa m'mabotolo. Ndadulako moni ndi zina, koma mtima wa nkhani ndi uwu:

"Ndakhala ndikupanga tsabola wa kambuzi kwa zaka zinayi. Ndimasiya m'magolosale a kuno, wina amapita ku Blantyre. Mwezi watha ndinapeza mabotolo ena pashelefu, dzina lake likusiyana ndi langa chilembo chimodzi chokha, mtundu wa pepala ndi womwewo, ngakhale chithunzi cha tsabola chapendekeka ngati changa. Amene akupanga zimenezi ndi mtsikana amene ankandithandiza ntchito, ndiye kuti ndi kaphikidwe komwe anatenga kwa ine. Bizinesi yanga ndinalembetsa kuboma, satifiketi ndili nayo. Ndipite ku COSOMA kapena kupolisi?"

Pepani mayi. Zimawawa kwambiri akakhala munthu amene munkadya naye mbale imodzi. Koma ndiyambe ndi satifiketi mwatchulayo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera.

Kulembetsa bizinesi ndi kulembetsa dzina la katundu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ngakhale zonse zimadzera ku ofesi imodzimodzi ya boma yolembetsa mabizinesi ndi mayina a katundu. Satifiketi muli nayoyo imauza boma kuti kuli bizinesi yakutiyakuti, mwini wake ndi uje. Imakuthandizani kutsegula akaunti kubanki, kulembetsa za msonkho, kufunsira ngongole. Mphamvu yoletsa wina kumata dzina lofanana ndi lanu pabotolo lake imachokera pa pepala lina, la trademark, limene limaperekedwa pansi pa lamulo la Trademarks Act la 2018. Anthu ambiri amene ndacheza nawo amadzidzimuka akamva zimenezi, ena atachita malonda zaka khumi akuganiza kuti dzina lawo analimangira mpanda.

Kayendedwe kake nkotere. Poyamba amafufuza m'kaundula ngati palibe wina amene analembetsa kale dzina lofanana ndi lanu. Kenako mumadzaza mafomu, kusonyeza dzinalo kapena chizindikirocho, ndi kutchula mtundu wa katundu wanu. Malonda onse anawagawa m'magulu 45, ndipo masosi ndi zokometsera ndiwo zili m'gulu la nambala 30. Mukalembetsa m'gulu limenelo, mwatseka khomo la tsabola ndi zofanana naye, koma wina atha kugwiritsa dzina lomwelo pa simenti kapena matayala popanda mlandu. Ofesi ikaunika, imalengeza pempholo kuti amene ali ndi chifukwa chotsutsa atsutse. Pakapanda wotsutsa mumalandira satifiketi ya zaka 10, imene mumaiwonjezera nthawi ikatha. Mitengo imasinthasintha, choncho kafunseni ku ofesi komweko, musadalire za m'maluwa.

Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mtsikanayo atha kukufikirani ku ofesiko. Akatero, inu mwini dzina ndi amene mudzakhale mukuthamanga kukatsutsa, kusonyeza umboni woti munayamba ndinu, kulipira loya. Ndiye musadikire kuti mkanganowu uthe kaye. Pitani sabata ino.

Simunandiuze dzina la tsabola wanuyo, ndipo mwachita bwino, koma ndikuchenjezeni chinthu chimodzi. Ngati dzinalo ndi longofotokoza chimene chili m'botolo, monga "Kambuzi Woyabwa" kapena "Tsabola wa ku Zomba", mudzavutika kulitenga kuti likhale lanu nokha. Kambuzi ndi dzina la mbewu, ndi la tonse. Mlimi wa ku Thondwe ali ndi ufulu wolitchula, mtsikana wanu uja nayenso ali nawo. Dzina lolimba ndi lija losafotokoza kanthu pa katunduyo. Taonani Nali: mawuwo sakunena za tsabola, koma Mmalawi aliyense akawamva, malovu amayamba okha.

Nkhani yotenga dzina la anthu onse nkulisandutsa la munthu mmodzi inawaonetsa zakuda anzathu a ku South Africa. Rooibos ndi chitsamba cha tiyi chimene chimamera ku mapiri a Cederberg ku Western Cape. Mu 1994 dzinali linalembetsedwa ngati trademark ku America, ndipo kenako linagwera m'manja mwa kampani ina ya ku Texas imene inayamba kulembera makalata ogulitsa tiyiyu kuti asiye kutchula dzinalo. Tangoganizani, alimi kuletsedwa kutchula mbewu yawoyawo pamsika waukulu chotero. Zinatenga milandu ndi ndalama zambiri mpaka kampaniyo inalisiya mu 2005. Mu 2021 bungwe la European Union linavomereza kuti dzina loti rooibos ndi la tiyi wochokera kumadera ena a ku Western Cape ndi Northern Cape basi. Ethiopia nayo inalimbana ndi Starbucks m'zaka za 2006 ndi 2007 pa mayina a khofi wake, Sidamo, Harar ndi Yirgacheffe, mpaka anagwirizana. Ndikamaona mpunga wamtundu uliwonse ukuthiridwa m'matumba olembedwa Kilombero, pamene alimi a ku Karonga sakupindulapo kanthu, ndimakumbuka nkhani zimenezi. Koma imeneyo ndi ya tsiku lina.

Tibwerere ku Zomba. Poti trademark mulibe, kodi ndiye kuti manja anu ndi omangika? Ayi. Malamulo athu, potengera a ku England, amaletsa munthu kugulitsa katundu wake monamizira kuti ndi wa mnzake, chimene maloya amachitcha passing off. Vuto lake ndi umboni. Muyenera kusonyeza khothi kuti dzina lanu ndi lodziwika kwa ogula, kuti botolo la mnzanuyo likusokoneza anthu, ndiponso kuti inu mukuluza nazo. Amene ali ndi satifiketi ya trademark amangoitulutsa m'chikwama, inu mudzafunika kusenza mtolo wa mapepala. Choncho yambani lero kusonkhanitsa: malisiti a kumene mumasindikiza mapepala omata, mabuku a maoda, zithunzi zakale za pa Facebook zimene zili ndi madeti, mauthenga a pa WhatsApp a makasitomala. Gulani botolo limodzi la mtsikanayo, mutenge lisiti, mulisunge losatsegula. Ngati alipo wagolosale kapena kasitomala amene anagula lake akuyesa lanu, mupempheni alembe zimenezo asanaiwale.

Mukatero, kalata ya loya yomuuza kuti asinthe dzina ndi pepala pofika tsiku lakuti nthawi zambiri imakwanira. Mlandu wa ku High Court ungathe kudya ndalama zoposa phindu la tsabola wa chaka chonse, ndipo ine sindingakulimbikitseni kuyambira kumeneko. Kupolisi ndikukayika ngati mungapindule, popeza mulibe pepala losonyeza kuti dzinalo ndi lanu. Mwina angokuuzani kuti kakambiraneni.

Nanga COSOMA? Bungweli linayamba mu 1992, ndipo ntchito yake ndi ya oimba, olemba mabuku, ojambula ndi aluso ena. Limatolera ndalama kwa amene amagwiritsa ntchito luso la anzawo, monga mawailesi ndi malo azisangalalo, nkugawira eni ake. Dzina la malonda si gawo lawo. Komabe pali pamene lamulo la Copyright Act la 2016 likukukhudzani: chithunzi cha tsabola wopendekeka chija. Chojambula chimatetezedwa chikangojambulidwa, osadikira kulembetsa kulikonse. Funso nlakuti mwini wake ndani. Anakujambulirani ndani? Ngati ndi mnyamata wa pakompyuta amene munamupatsa kangachepe pamanja, mufuneni, mulembe kapepala konena kuti umwini wonse wa chithunzicho wapereka kwa inu, asaine, pakhale ndi mboni. Zichitike pano mukadali pa ubale wabwino. Ndipo mumufunse mosabisa ngati anajambula yekha. Achinyamata ambiri amangotsitsa chithunzi pa intaneti, nkusintha mtundu, nkulandira ndalama. Zikakhala choncho chithunzicho si chanu, si chake, ndipo mungachite manyazi kukhothi mukuloza chala mnzanu pa chinthu chimene nanunso munatola.

Za kaphikidwe, ndikuuzeni zoona ngakhale siziwakomera ambiri: palibe ofesi imene ingakulembereni kuti kusakaniza kambuzi, adyo, viniga ndi mchere ndi kwanu. Patent, pepala loteteza chinthu chimene munthu watulukira, imafuna chinthu chatsopano kwenikweni, ndiponso imakukakamizani kuulula poyera mmene mumapangira. Ndi chifukwa chake a Coca-Cola anasankha kungosunga chinsinsi. Zimene mtsikanayo anaphunzira ndi maso ake kukhitchini kwanu, popanda pangano lililonse loti asaulule, nzovuta kumulanda. Kwa amene mudzawalembe ntchito kutsogoloku, asaine pangano losunga chinsinsi, ndipo muyezo wa zokometsera zenizenizo muzisakaniza nokha, iwo azingolandira zosakaniza kale.

Mwatchula Blantyre, ndiye ndikuganiza kuti tsiku lina mabotolo anu adzakwera basi ya ku Lusaka kapena Johannesburg, kumene abale athu amalira tsabola wakumudzi. Trademark ya ku Malawi imathera pa Mchinji ndi pa Mwanza. Ku Zambia amalembetsa ku PACRA, ku South Africa ku CIPC. Kuli njira ya ARIPO, bungwe limene likulu lake lili ku Harare, yolembetsera kamodzi m'mayiko angapo amene anasaina pangano la Banjul, ndipo Malawi ali momwemo, koma South Africa si membala wa bungwelo. Zimenezi zisakusowetseni tulo panopa, zidzafunika maoda akunja akadzayamba kubwera mwezi ndi mwezi.

Mukamapita ku ofesi yolembetsa trademark ija mutenge pepala lomata pabotolo losindikizidwa bwino, ndipo mufunse mtengo wolembetsa dzina palokha ndi wolembetsa chizindikiro chonse. Ngati ndalama ikukwana chimodzi, yambani ndi dzina, chifukwa pepala mutha kudzalisintha chaka chamawa. Mundilemberenso zimene kafukufuku wa m'kaundula atulutse.